Laputopu Yachibwibwi ndi Njira ya Kwawo kwa Atate

Chaka chimene atate anayamba kusasa mawu, m'nyumba mwathu ku Matero munalowa laputopu. Inabwera ndi ine. Kabungwe kamene ndinkatayipako makalata m'tauni kanatsekedwa, monga zinkatsekedwera zinthu zambiri masiku amenewo, ndipo mayi wachizungu amene anali bwana wanga anandisiyira makinawo potsanzikana. Inali yakuda, yonenepa, yolemera ngati khanda la miyezi itatu. Batire lake linafa kalekale moti inkangoyaka ikakhala pamagetsi. Ndinaikulunga m'chitenje n'kuifungatira mu minibasi, ndikuyang'ana aliyense wokhala pafupi nane ngati wakuba.

Zinali zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa imodzi ndi imodzi. Atate anali atachotsedwa kale ntchito. Msewu wathu unadzaza ndi tuntemba, timasitolo tija tamatabwa, ndi milu ya salaula, zovala zakale zija za kaunjika, aliyense akugulitsa kanthu kwa mnzake amenenso ankagulitsa kanthu. Wailesi yathu ya kaseti inapita momwemo mwezi wina wovuta, ndipo pamene inkakhala panangotsala kansalu kake koluka.

Amayi analandira laputopuyo ngati mlendo wochokera kutali. Anatenga khushoni ya mpando wa alendo, n'kuiika pathebulo, n'kukhazika makinawo pamwamba pake. Kenako anaifunditsa kansalu koluka kaja. Kwathu chinthu chilichonse cha magetsi chinkafunda. Ndikaiyatsa, ankandilola kuchotsa kansaluko pamwamba pokha, koma ankakakulunga m'mbali ndi kumbuyo kuti fumbi lisalowe, ndipo za khushoni sankafuna n'komwe kumva.

"Chinthu cha azungu sichinkhala pa thabwa," ankatero. "Ufuna chitupe matako?"

Amayi ndi a ku Katete, ndipo ku Katete tinkakudziwa. Tinkapitako kumaliro ndi ku maukwati, tinkadziwa amalume athu ndi mbuzi zawo zomwe. Pachichewa ana ndi a kuchikazi, choncho palibe amene anadabwa kuti kwawo kwa atate sitinapondeko. Iwo anachoka ku Malawi ali mnyamata, wapansi, kudzafuna ntchito, ndipo sanabwererenso. Anali mtchona, ngakhale kuti mawuwo sitinkawatchula iwo ali pafupi. Makalata anasiya kubwera ine ndisanabadwe. Munthu wina wapaulendo anadzawauza kuti mudzi wawo unasamutsidwa pamene ankatsegula minda ikuluikulu ya fodya, anthu n'kubalalika, dzina la mudzilo n'kupita ndi mfumu yake. Chimene chinatsala pamalopo ndi manda okha, ndipo m'mandamo munali amayi awo.

Kusasa mawu kuja sikunali chimfine. Kuchipatala ananena kuti pakhosi pali chotupa, ndipo pochichotsa mawu apita nawo. Anawapatsa tsiku lokachichotsa. Linali Lolemba, patatsala masabata awiri.

Madzulo a tsiku limene tinamva zimenezi, dzuwa lisanalowe, atate anandiitana.

"Makina akowa akuti amagwira mawu?"

"Inde atate, ali ndi maikolofoni."

"Ndikufuna ndinene njira ya kwathu. Kuchokera pano mpaka pa manda a amayi anga. Iwe umve, mlongo wako wa ku Migodi adzamve, ana anu adzamve."

Ndinati nditha kungolemba, pakuti kulemba ndiyo inali ntchito yanga. Anakana. Anati pepala aliyense akhoza kulemba, koma mawu a pakamwa pawo palibe angawatsutse. Komanso atate sankanena njira ngati munthu wopereka malangizo. Ankatseka maso n'kuiyenda. Ukawafunsa kuti abwereze, ankatsegula maso, n'kupezeka ali ku Matero, ulendo wathera pomwepo.

Tinayamba m'mawa mwake. Kunali kutentha kwa Okutobala, kuja malata amangolira okha padenga. Ndinayatsa laputopu, ndipo tinadikira. Makina amenewo sankadziwa changu. Ukadina kanthu, pasikirini pankabwera kagalasi ka mchenga, n'kumatembenuzika, kutembenuzika, iwe uli phee. Ndinkatha kupita kukayanika zovala n'kubwerera kagalasiko kasanatope. Nthawi zina ndinkangokayang'ana mpaka maso kulemera, fani ya m'kati ikulira chapansipansi, kuwala kolowera m'mabowo a malata kukuyenda pang'onopang'ono pakhoma. Ndinkaiwala kuti ndikudikira chiyani.

Itavomera, atate anatseka maso. Anakwera basi ya ku Chipata. Anaoloka malire. Anatsika ku Mchinji, n'kuyamba kuyenda wapansi. Mawu awo anali otsika, okhakhala, koma njirayo inkaoneka. Ndinaona sitolo ya mmwenye ya khonde lalitali imene anagonapo, dambo la udzu wofika m'khosi, chigayo chimene phokoso lake linkamveka usanachione. Sindinapondeko ku malo amenewo, koma fumbi lake ndinalimva m'mapazi. Atafika pa mtsinje wa Bua anaima, n'kutsegula maso.

"Tamvetse."

Ndinadina. Kagalasi kanatembenuzika. Kenako munatuluka mawu a munthu wina amene sitinkamudziwa.

"Mukatsi... ku Mchi... mufu... njira ya ku... ku... ku..."

Pakati pa mawu oduka pankamveka kuthetheka, ngati chimanga chokazinga. Atate anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili gwa.

"Kodi ine ndimachita chibwibwi?"

"Ayi atate."

"Nanga ameneyu ndani?"

M'nyumba mwathu munthu sankadula atate mawu. Ngakhale amayi, amene pakamwa pawo sipankagwa ntchentche, ankadikira kaye kuti amalize asanawatsutse. Tsono apa chinthu chokhala pa khushoni ya alendo chinawadula kambirimbiri pa mpweya umodzi.

"Chinthu chopanda mwambo," anatero. "Sindipitiriza mpaka chiphunzire kumvetsera."

Masiku otsatira ankapita chimodzimodzi. Atate ankayambira pa basi, pakuti sankatha kuyambira pakati, n'kufika pa Bua, n'kuti tamvetse. Makina ankachita chibwibwi chawo. Iwo ankadzuka n'kutuluka panja, ndipo tsiku linkathera pomwepo.

Ine ndili ndi vuto limodzi lobadwa nalo, sindikonda kufunsa. Ndinali wotayipa wodziwika, amayi atalengeza kale kumpingo kuti mwana wawo amadziwa kompyuta, tsono ndikanapita bwanji kwa munthu kukati sindikudziwa? Ndinaganiza kuti makinawo alemedwa. Ndinayamba kutaya katundu. Ndinafufuta makalata onse a bwana wanga wakale, zithunzi za agalu ake, kamasewera ka makhadi kamene ndinkakakonda. Laputopu sinapepuke ngakhale pang'ono. Ndinaizimitsa ndi kuiyatsa mpaka chala kuwawa. Ndinauza amayi kuti asamasinje pamene tikujambula, ndinathamangitsa nkhuku, ndinatseka zenera mpaka tonse thukuta kamukamu. Ndinaona kuti ndikagwedeza mausi mawu ankaduka kwambiri, choncho ndinkakhala manja ali m'khwapa, osapuma n'komwe bwino. Chibwibwi chinachepa pang'ono koma sichinathe. Ndinaonanso kuti m'mawa makina ankayesako, koma pofika masana ankakwawa, pansi pake patatentha moti ukanaumitsapo mpango.

Amayi anati tiitane amayi a chigwirizano adzaipempherere. Ndinawayankha mwamwano, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Kunena zoona ndinali ndi mantha. Mawu a atate ankachepa tsiku ndi tsiku, ndipo sabata yoyamba inatha tili tsidya lino la Bua.

Tinayesa kubwereka wailesi ya kaseti ya aneba. Inatafuna tepi yoyamba atate asanafike n'komwe ku Chipata, ndipo eni ake anabwera kudzaitenga akudandaula kuti taiwononga.

Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya lokwanira. Lachitatu la sabata yachiwiri ndinakulunganso laputopu m'chitenje n'kupita ku Lilanda. Kumeneko kunali bambo wina amene kale ankagwira ntchito m'chipinda cha makompyuta pa kampani ina ya boma. Atachotsedwa anatsegula kantemba kokonzera mawailesi, masimbi ositira ndi mawotchi. Ankavalabe tayi. M'kantemba ka malata, dzuwa likuswa mtengo, iye ali ndi tayi yofiirira ndi cholembera m'thumba la malaya, ngati akuyembekezera kuti amuitanenso ku ofesi masana omwewo.

Ndinamufotokozera zonse, za atate, za Lolemba, za mtsinje. Anamvetsera osandidula. Kenako anatembenuza laputopu, n'kununkhiza kumbuyo kwake.

"Basisi, ichi chinthu muchiika pati ku nyumba?"

"Pa khushoni."

"Pa khushoni!" Anavula magalasi. "Na kansalu mufakapo?"

Ndinayang'ana pansi.

"Bamayi banu ni bamayi babwino maningi," anatero, "koma bazachipaya na ulemu. Ichi chipumila pansi na kumbuyo. Mukachivala mphuno chipya, manje chikapya chichepesa sipidi cheka kuti chisafe. Ndiye ulesi wamene muona."

Anamasula kachitseko ka pansi n'kuuzira mpweya ndi pampu ya njinga. Munatuluka fumbi lopota ngati thonje, mwinamo muli ubweya wa agalu a mzungu uja. Fani inasintha kulira kwake, n'kuyamba kumveka ngati ikupuma.

Ndinaganiza kuti basi zatha, ndinayamba kale kupinda chitenje. Iye anandiimitsa ndi dzanja. Anati ulesi ndi matenda ena, chibwibwi ndi enanso. Anayatsa makinawo, n'kuyandikira maikolofoni, n'kutchula mayina a malo mwapang'onopang'ono ngati kondakitala wotopa: Matero, Lilanda, George, Marapodi, Kabanana. Atabweza, Marapodi inatuluka itaduka pawiri, Kabanana osamveka n'komwe.

Apa ndi pamene ndinaona munthu akugwira ntchito imene anabadwira. Sanathamange. Ankachotsa chinthu chimodzi, n'kujambula mayina aja, n'kumvetsera, n'kuchibwezera. Anazula mausi yakunja. Chibwibwi chinachepa koma chinalipobe. Anatseka timapulogalamu tina timene tinkadziyatsa tokha makina akamadzuka. Makina anafulumirako, koma Marapodi inadukabe. Kenako anatsegula tsamba lina limene sindinkadziwa kuti liliko. Linali ndi manambala otsika pansi, kuyambira ziro mpaka fifitini, ndipo pambali pa nambala iliyonse panali dzina la chiwalo cha makinawo.

"Mvelani basisi," anatero, akuloza ndi cholembera. "Mukati umu muli bwana umozi chabe, purosesa. Vonse ivi, kiyibodi, mausi, diski, saundi, vikafuna bwana viliza belu. Aliyense ali na belu yake, na nambala yake. Ise titi ayi-ara-kyu. Bwana akamvela belu asiya vamene achita, ayenda kuona wamene aitana. Manje onani pa faifi."

Pa nambala faifi panali mayina awiri. Limodzi linali la chiwalo chogwira mawu. Linalo sindinalidziwe. Iye anapapasa m'mbali mwa laputopu, n'kudina kabatani kakang'ono, ndipo munatuluka khadi yachitsulo, yopyapyala, yotentha. Ine ndinkaiona tsiku lililonse, kamutu kake katatulukira kunja, koma ndinkayesa ndi mmene makinawo anabadwira.

"Iyi ni modemu, ya foni. Muli na foni ku nyumba?"

"Tilibe."

"Mwaona ka. Bazungu banu benze kutumila nayo makalata. Kuchokela pamene banayenda, aka kakali kulindila foni, kaliza belu, kafunsa ngati kuli wamene atuma. Belu ni imozi na ya saundi. Bwana akamvela faifi saziba ni ndani, ayamba afunsa uyu, afunsa uja, manje pamene afunsa mau ya batate banu yapita. Makina yamanje yakwanisa kugabana belu, koma aka ni kakudala. Atambala awiri salira m'khola limodzi."

Ndinaigwira khadiyo m'manja. Inandimvetsa chisoni, sindikudziwa chifukwa chake. Miyezi yonseyi inali m'nyumba mwathu, pansi pa kansalu ka amayi, ikumvetsera foni m'nyumba yopanda foni. Ndinaiona m'maganizo ikugogoda mumdima wa m'kati mwa makina, ikufunsa za dziko lakutali limene linaiiwala kale.

Bamboyo sanathere pomwepo. Anazimitsa makina n'kuwayatsanso atagwira batani lina, ndipo panabwera sikirini yabuluu ya zilembo zokhazokha. M'menemo anatseka khomo la pulinta, pakuti pulinta ndinalibe, n'kusiya nambala yake yopanda mwini kuti tsiku lina ndikadzafuna modemu ikakhale kumeneko. Nambala faifi anaisiyira mawu okha. Anajambulanso. Matero, Lilanda, George, Marapodi, Kabanana. Zonse zinatuluka zathunthu, ndi kulira komwe kwa wotchi ina imene inali pakhoma la kantembako.

"Endani," anatero, akukonza tayi. "Pa thabwa, mwamvela? Ngati bamayi bakana, fakani tumabotolo-topu tunayi pansi, mubauze ati ni mipando yake."

Ndinachitadi zimenezo. Zitsekerero zinayi za mabotolo, chimodzi pa ngodya iliyonse. Amayi anaziyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kubweza khushoni pa mpando wa alendo. Kansalu kaja anakagwira m'manja tsiku lonse, akusowa pokaika.

Lachinayi magetsi anazima kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tinangokhala, tikuyang'ana babu. Lachisanu atate anadzuka mawu atatsekeratu, ndipo amayi anawapatsa madzi ofunda a mandimu ndi uchi, n'kuwaletsa kuyesa n'komwe. Ine tsiku limenelo ndinakalipira aliyense amene anadutsa pafupi nane, ndi nkhuku zomwe.

Loweruka cha m'ma teni koloko magetsi analipo, ndipo mawu anabwerako pang'ono, opyapyala ngati ulusi. Ndinayandikizitsa laputopu pafupi ndi pakamwa pawo. Kagalasi ka mchenga kanangoonekera n'kuzimirira. Atate anatseka maso.

Basi ya ku Chipata. Malire. Mchinji. Sitolo ya khonde lalitali, dambo, chigayo. Amayi anasiya mbale zimene ankatsuka n'kudzaima pakhomo, manja akudontha madzi. Pa Bua atate anaima.

"Tamvetse."

Ndinabweza. Anadzimva okha, mawu awo enieni, osaduka pena paliponse, ndi kupuma kwawo komwe. Anamvetsera mutu uli cham'mbali. Ndinaona milomo yawo ikutsatira.

"Eya," anatero. "Ameneyo ndine."

Ndinadinanso, ndipo kwa nthawi yoyamba tinaoloka mtsinje. Anati madzi ake m'chilimwe amafika m'mawondo, koma miyala yake ndi yoterera, munthu aziponda pamchenga. Tsidya linalo pali chitunda, ukakwera umaona phiri limodzi lokhala lokha, ndipo uziliika kudzanja lamanja. Anatidutsitsa pa tchalitchi cha njerwa zosawotcha chimene belu lake linali chitsulo cha gudumu la galimoto. Anatidutsitsa pa chitsime chimene atsikana ankamuseka chifukwa cha kabudula wong'ambika. Apa anamwetulira maso ali chitsekere. M'nyumbamo munali kutentha, koma ine ndinkamva kamphepo ka m'dambo, ndipo makoma athu ankaoneka ngati ali kutali. Ndinali ndisanawaonepo atate ali mwana, koma tsiku limenelo ndinayenda kumbuyo kwawo.

"Mukapitirira chitsimecho muyenda pang'ono, mupeza mtengo wa kachere. Pamenepo pali mphambano."

Anakhala chete.

Ndinadikira. Ndinayesa makina ayambanso. Ndinasuzumira pasikirini, koma kamzere kobiriwira kankayenda bwinobwino, kakunjenjemera pang'ono ndi phokoso la panja. Kwa aneba wina ankasesa. Kumsewu kondakitala ankaitanira anthu a m'tauni. Zonsezo makina ankazigwira, osataya kalikonse.

"Atate," ndinanong'ona, ndipo kanali koyamba m'moyo wanga kulowa m'mawu awo, "ikujambula. Pitirizani."

Anatsegula maso. Sanandikalipire.

"Ndikudziwa kuti ikujambula, mwananga."

Anayang'ana manja awo. Anakweza lamanja pang'ono, n'kulitsitsa. Anakweza lamanzere.

"Pali njira ziwiri. Ina ikupita kwathu, ina kumudzi kwa eni ake. Masiku onsewa ndakhala ndikuziyang'ana." Anameza malovu movutikira. "Tsiku limene ndinkachoka, amayi anandiperekeza mpaka pa kachere pamenepo. Ndinali ndi changu. Sindinacheuke kuti ndione imene anabwerera nayo."

Amayi pakhomo paja anagwira pakamwa ndi chitenje. Ine ndinalira, osabisa, misozi ikugwera pathebulo pafupi ndi makina amene ndinavutika nawo masabata awiri kuti amve bwino.

"Mukafunse," anatero atate. "Mukatchule mfunda wathu. Mwina alipo wina wotikumbukira."

Kenako anandikodola kuti ndizimitse.

Lolemba tinawaperekeza kuchipatala. Anabwerako ali moyo, ndipo anakhala nafe zaka zina ziwiri, akulankhula ndi manja ndi maso. Masana ena ndinkawapeza pabwalo atakhala pa kampando, akulemba m'fumbi ndi kamtengo mzere umodzi wautali umene kumapeto kwake unkapatukana pawiri. Ankauyang'ana nthawi yaitali. Akamva kuti kukubwera munthu, ankaufufuta ndi phazi.